Mawailesi a agogo akusowa pogona: chifukwa chake ku Bloomfield amasonkha ndalama

Mu 2014, gulu la anthu okonda za wailesi ku America linapita ku Delano, m'chigawo cha California, kukatenga chimakina chimene eni ake anali atasiya kuchigwiritsa ntchito. Chinali transmitter ya wailesi ya Voice of America, yopangidwa ndi kampani ya Collins, ya mphamvu yokwana mawati 250,000. Kuti mumvetse kukula kwa mphamvu imeneyi, ganizirani mababu 2,500 a mawati 100 atayaka nthawi imodzi. Siteshoni ya Delano inatsekedwa mu 2007, ndipo kuyambira pamenepo chimakinacho chinangokhala duu, kudikira tsiku loti wina achidule n'kuchigulitsa ngati zitsulo zotha ntchito. Anthu aja, omwe anali ongodzipereka, anachimasula chidutswachidutswa, n'kuchipakira m'mathiraki, n'kuyenda nacho mtunda woposa makilomita 3,500 mpaka pa katauni kotchedwa Bloomfield, pafupi ndi mzinda wa Rochester m'chigawo cha New York.

Ku Bloomfield ndi kumene kuli myuziyamu ya bungwe la Antique Wireless Association, mwachidule AWA. Bungweli linayamba mu 1952, ndipo m'modzi mwa oliyambitsa anali Bruce Kelley, munthu wokonda kutolera mawailesi akale. Poyamba katunduyu ankamusunga m'shedi ya pakhomo pake. Atachuluka, m'zaka za m'ma 1970 anamusamutsira m'nyumba yakale yomwe inali sukulu. Nayonso inadzaza, mpaka mu 2013 anatsegula myuziyamu yatsopano m'mbali mwa msewu waukulu. Ndiye chaka chotsatiracho chimakina cha ku Delano chija n'kutulukira pakhomo. Mukuona vuto lake? Kupulumutsa chinthu chakale n'kovuta, koma funso lovuta kwambiri limabwera pambuyo pake: muchiika pati, ndipo adzachisamala ndani?

Myuziyamuyi si ya boma. Imayendetsedwa ndi anthu ongodzipereka, ndipo imakula gawo ndi gawo malinga ndi ndalama zomwe mamembala ndi anthu akufuna kwabwino apereka. Wina atha kunena kuti amenewa ndi madala ongosowa chochita, omwe akulira nyengo yawo yaunyamata. Ine monga mphunzitsi wa fizikisi ndikuona mosiyana. Mutu wa mafunde, uja mumauloweza pokonzekera MSCE, m'zipinda zimenezi uli poyera, woti n'kuuona ndi maso, kuumva ndi makutu, ngakhale kuununkhiza kumene. Komanso muli mbiri ya momwe anthu wamba, ena a msinkhu wanu womwewu, anatulukira chinthu chimene akatswiri ndi maboma anali asanachione.

Kodi amateur radio n'chiyani?

Tikamva zoti wailesi, ambirife timaganiza za MBC kapena Zodiak: wina amalankhula mu situdiyo, ife n'kumangomvera. Amateur radio ndi yosiyana. Munthu amakhala ndi siteshoni yakeyake kunyumba, yotumiza ndi kulandira, n'kumalankhulana ndi mnzake yemwe ali tauni ina kapena kutsidya kwa nyanja, popanda netiweki ya foni, popanda bandulo. Saloledwa kuchitirapo malonda kapena kuulutsa nyimbo. Cholinga n'kuphunzira, kuyesa zinthu ndi kucheza. Anthu ochita zimenezi amatchedwa ma ham.

Sungangodzuka n'kuyamba kuulutsa. Pamafunika laisensi, ndipo kuno kwathu nkhani za mafunde a wailesi amayang'anira ndi a MACRA. Ukapatsidwa laisensi umapatsidwanso dzina la pa mphepo, la zilembo ndi manambala, lomwe chiyambi chake chimasonyeza dziko lako. Siteshoni ya ku myuziyamu ya AWA dzina lake ndi W2AN, ndipo W akusonyeza America. La Malawi limayamba ndi 7Q, la Zambia 9J, la Mozambique C9, la Zimbabwe Z2. Popeza ma ham kuno ndi ochepa, dzina loyamba ndi 7Q silimvekamveka pa mphepo, moti nthawi zina magulu ochokera kunja amabwera ndi zida zawo kudzakhala masabata angapo kuno, anzawo padziko lonse n'kumalimbirana kuti alankhule nawo.

Zonse zinayamba ndi kuthetheka kwa moto

Chinthu chimodzi chomwe alendo amadabwa nacho m'myuziyamu zotere ndi transmitter ya spark. Wina akadina kabatani ka Morse, moto umathetheka pakati pa zitsulo, phokoso lake logonthetsa m'khutu, kenaka m'chipinda mumamveka kafungo kena ngati kaja ka mvula ya ziphaliwali. Kafungo kameneko ndi ozone: motowo umaswa mamolekyu a oxygen, zidutswa zake n'kulumikizana zitatuzitatu.

Zimayenda chonchi. Capacitor imadzazidwa magetsi mpaka mavoti masauzande ambiri. Mpweya womwe uli pa kampata pakati pa zitsulo ziwiri umalephera kupirira, magetsi n'kudumpha. Panthawi yochepa kwambiri imeneyo kampatako kamakhala ngati waya, ndipo magetsi amathamanga uku ndi uku pakati pa capacitor ndi koyilo, maulendo masauzande mazanamazana pa sekondi. Magetsi akamagwedezeka chonchi mu eriyo, amatulutsa mafunde omwe amayenda pa liwiro la kuwala. Heinrich Hertz ndiye anaonetsa zimenezi ku Karlsruhe, ku Germany, m'zaka za 1887 ndi 1888, kutsimikizira masamu omwe James Clerk Maxwell analemba zaka zoposa 20 m'mbuyo mwake.

Mutha kuyesa kachidutswa ka ntchito ya Hertz kunyumba. Tengani wailesi yomwe ili ndi AM kapena MW, muitchere pamalo popanda siteshoni. Tengani batire limodzi la tochi ndi kawaya. Gwirizitsani mbali imodzi ya waya kunsi kwa batire, mbali inayo muzikhudza nayo kumutu kwa batire mwachangu, pafupi ndi wailesiyo. Mumva "thi, thi" mu sipika. Palibe waya wolumikiza batire ndi wailesi, koma uthenga wadutsa. Muzingokhudza n'kuchotsa, chifukwa mukagwiritsitsa waya utentha. Ndipo chonde, batire la tochi lokha basi, osati la galimoto, osatinso soketi ya pakhoma. Kukhekhereza kumene wailesi ya AM imachita kukamang'anima mphezi ndi nkhani yomweyi, kungoti spark yake ndi ya kumwamba.

Koma spark inali ndi chilema chachikulu. Ganizirani belu la kusukulu, lija la chitsulo cha tayala la galimoto chopachika pa mtengo. Mukalimenya limalira mwamphamvu, mawu ambirimbiri osakanikirana, kenaka n'kuzilala msanga. Funde la spark limatero: limayamba ndi mphamvu, n'kufa mwachangu, ndipo limamwazikana pa ma frequency ambiri nthawi imodzi. Siteshoni imodzi ya spark ikayamba kulankhula, oyandikana nayo onse ankangomva iyo yokha.

Ku Bloomfield anamanga chipinda chofanizira chipinda cha wailesi cha m'sitima ya Titanic, ndipo nkhani ya sitimayi imaonetsa ubwino ndi kuipa kwa spark pamodzi. Usiku wa pa 14 April 1912, Jack Phillips, m'modzi mwa anyamata awiri oyendetsa wailesi ya Titanic, anali kalikiliki kutumiza mauthenga a anthu okwera ku siteshoni ya Cape Race. Mnzake wa m'sitima ya Californian, yomwe inali pafupi, analowerera kuti amuuze zoti iwo aima chifukwa azunguliridwa ndi madzi oundana. Chifukwa choyandikana, uthengawo unamveka mwaphokoso kwambiri m'makutu mwa Phillips n'kuphimba zomwe ankamvera, ndipo iye anamuuza kuti asiye kumusokoneza. Patapita kanthawi wa mu Californian uja anatseka wailesi n'kukagona. Titanic itagunda, amene anamva kuitana kwake n'kuthamangira kumeneko anali a sitima ya Carpathia, yomwe inali kutali ndithu. Anapulumutsa anthu pafupifupi 700. Ena oposa 1,500 anafa. Popanda wailesi mwina sipakanapulumuka munthu, koma zinaonekeratu kuti pa mphepo panali chipwirikiti.

Mafunde omwe ankati ndi achabechabe

Ngoziyi itachitika, mauthenga osokonekera anayenda, mpaka nyuzipepala zina zinalemba kuti sitimayo ili bwinobwino ndipo ikukokedwa kupita ku doko la Halifax. Ambiri analoza chala ma amateur. Mu August chaka chomwecho boma la America linakhazikitsa lamulo la Radio Act of 1912. Lamuloli linati aliyense woulutsa akhale ndi laisensi, ndipo ma amateur asapitirire mafunde otalika mamita 200.

Tiyeni tiwerengere limodzi, chifukwa apa ndi pamene pagona nkhani. Mukudziwa kuti v = fλ, ndipo liwiro la mafunde a wailesi ndi mamita 300,000,000 pa sekondi. Ngati λ ndi mamita 200, ndiye kuti f ndi 300,000,000 kugawa ndi 200, zomwe zikutipatsa 1,500,000 Hz, kapena kuti 1.5 MHz. Choncho ma amateur anauzidwa kuti azisewera kuyambira 1.5 MHz kupita m'mwamba. Mafunde aatali, a mamita mazana angapo mpaka masauzande, anasiyira asilikali apamadzi ndi makampani.

Chifukwa chiyani anagawa choncho? Nthawi imeneyo anthu ankadziwa kuti funde lalitali limatha kukwawa motsatira kupindika kwa dziko, ndipo likamafupika limathera pafupi. Pa 12 December 1901, Guglielmo Marconi ananena kuti wamva chilembo S, timadontho titatu ta Morse, kuchokera ku Poldhu ku England iye ali ku St John's, Newfoundland. Akatswiri ena mpaka lero amakayikira ngati anamvadi, koma zitatero aliyense wofuna kuwoloka nyanja ankamanga milongoti ikuluikulu ndi makina amphamvu zoopsa pa mafunde aatali. Mafunde aafupi ankaoneka ngati dambo lopanda ntchito, loyenera kupatsa ana kuti asamavute akuluakulu.

Ana aja sanakhumudwe. Mu 1914 Hiram Percy Maxim anayambitsa bungwe la American Radio Relay League ku Hartford, Connecticut, kuti ma amateur azipatsirana uthenga siteshoni ndi siteshoni mpaka ukafike kutali. Kenaka kunabwera valavu, kachibotolo kagalasi kopopedwa mpweya, kooneka ngati babu. Ya John Ambrose Fleming ya mu 1904 inkangolola magetsi kudutsa mbali imodzi. Lee de Forest anawonjezeramo kawaya kachitatu mu 1906, ndipo patapita zaka zochepa anthu anazindikira kuti valavu yotere itha kukuza siginecha yofooka, komanso kupanga funde losazilala, la frequency imodzi. Ngati spark ndi belu la chitsulo lija, valavu ndi wezulo ya refa: liwu limodzi, loyera, lopitirira. Mphamvu yonse imapita pa frequency imodzi m'malo momwazikana.

Mu December 1921, bungwe la Maxim linatuma Paul Godley ku Scotland ndi wailesi yolandirira yamakono kwambiri panthawiyo. Anamanga tenti m'munda ku Ardrossan, m'nyengo yamvula ndi kuzizira, n'kumamvera usiku wonse. Anamva masiteshoni a ma amateur a ku America oposa 20, ndipo ambiri mwa iwo anali a valavu, osati a spark. Siteshoni ya 1BCG ya ku Greenwich, Connecticut, inatumiza uthenga wathunthu womwe Godley anaulemba. M'gulu lomwe linamanga 1BCG munali Edwin Armstrong, yemwe pambuyo pake anatulukira FM yomwe mumamverayi.

Mu November 1923, Léon Deloy wa ku Nice, ku France, analankhulana mbali zonse ziwiri ndi Fred Schnell ndi John Reinartz a ku Connecticut. Iwo anatsika kufika pa mamita pafupifupi 100, theka la malire aja, ndipo zinamveka bwino kuposa kale. Ndiye mu October 1924 kunachitika chomwe ine chimandisangalatsa koposa. Cecil Goyder, mnyamata wa zaka 18, akugwiritsa ntchito siteshoni ya sukulu ya Mill Hill ku London, analankhulana ndi Frank Bell, mlimi wa nkhosa wa ku Shag Valley ku New Zealand. Kuchoka ku London, palibenso kutali kwenikweni kumene mungapite padziko lino kuposa kumeneko. Makampani omwe anawononga chuma pa milongoti ya mafunde aatali anangoti kukamwa yasa.

Galasi lomwe lili kumwamba

Chinkachitika n'chiyani? Kale mu 1902, Arthur Kennelly ndi Oliver Heaviside, aliyense payekha, anaganiza kuti kumwamba kuyenera kuti kuli mpweya wodutsa magetsi womwe umabweza mafunde pansi. Anali maganizo chabe. Mu December 1924, Edward Appleton ndi wophunzira wake Miles Barnett anagwiritsa ntchito transmitter ya BBC ya ku Bournemouth, iwo akumvera ku Oxford. Ankasintha frequency pang'onopang'ono n'kumaona siginecha ikukwera ndi kutsika, chifukwa funde loyenda pansi ndi funde lobwerera kuchokera kumwamba ankati pena kuthandizana, pena kufafanizana. Imeneyi ndi interference yomwe ija ya m'kalasi. Atawerengera anapeza kuti chobwezacho chili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 100. Appleton analandira mphoto ya Nobel mu 1947.

Dera limeneli timalitcha ionosphere. Kuwala kwa dzuwa kwa ultraviolet kumathothola ma elekitironi ku maatomu a mpweya wa kumwambako, n'kusiya mpweya wodzaza ndi ma elekitironi oyendayenda. Muli magawo. Lapansi ndi D, pa makilomita 60 mpaka 90. Pamwamba pake pali E, kenaka F, lomwe limayambira cha pa makilomita 150 kukafika kupitirira 300. Funde likalowa mu F mopendekera limapindika pang'onopang'ono mpaka kuloza pansi, mofanana ndi momwe kuwala kumabwerera mkati mwa galasi pa total internal reflection. Likafika pansi, nthaka kapena nyanja imalibwezanso kumwamba. Kudumpha kumodzi kutha kufika makilomita 4,000. Kuchoka ku Bloomfield kufika ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 12,800, ndiye funde lingafunike kudumpha kanayi kapena kuposa, ndipo ulendo wonsewo silitha ngakhale gawo limodzi mwa magawo 20 a sekondi.

Gawo la D ndiye wakuba. Kumeneko mpweya ukadali wothithikana, choncho ma elekitironi akagwedezedwa ndi funde amagundana ndi mamolekyu, mphamvu ya funde n'kusanduka kutentha. Kuba kumeneku kumachepa frequency ikamakwera: mukaichulukitsa kawiri, kumatsika kufika pafupifupi kota. Apa ndiye pali yankho la chinsinsi chija. Ma amateur akamafupikitsa funde, ankalipatsa mwayi wodutsa pa D osaberedwa kwambiri, n'kukafika ku F komwe kuli galasi. Amene anagawa mafunde mu 1912 ankangoyang'ana funde lokwawa pansi. La kumwambali sanaliwerengere.

Dzuwa likalowa, gawo la D limazimirira msanga chifukwa ma elekitironi amabwerera ku maatomu awo. N'chifukwa chake usiku pa MW mumatulukira masiteshoni a mayiko ena omwe masana simuwamva. Funsani agogo omwe ankamvera wailesi za kunja pa shortwave, akuuzani kuti mawu ankati kubwera, kupita, ngati mafunde a pa nyanja. Chinali ionosphere ikusinthasintha. Imasinthanso ndi nyengo, komanso ndi dzuwa lenilenilo, lomwe ukali wake umakwera ndi kutsika pa zaka pafupifupi 11 zilizonse.

Koma musaganize kuti kukwera frequency kulibe malire. Mukapitirira cha pa 30 MHz, nthawi zambiri funde limaboola ionosphere n'kupita osabwerera. FM ili pa 88 mpaka 108 MHz, ndiye chifukwa chake ma transmitter ake amawaika pamwamba pa mapiri ngati la Mpingwe kapena la Dedza, kuti "aone" dera lalikulu. Kuboola komweko n'kumene kumalola ma ham kulankhula ndi anthu a mu International Space Station cha pa 145 MHz.

Nanga ndalamazo zimapita kuti?

Tibwerere ku Bloomfield. Munthu angaganize kuti wailesi yakale ukaiika pa shelefu, basi yasungika. Ayi ndithu. Chitsulo chimachita dzimbiri. Labala wokutira mawaya amauma n'kumanyenyeka. Ma capacitor akale a pepala amayamwa chinyezi n'kuyamba kudonthetsa magetsi, moti mukangoyatsa wailesi yomwe yakhala zaka 50 osayaka, mutha kuotcha thiransifoma yomwe simungaipezenso mu shopu iliyonse. Mabuku ndi mapepala a mapulani amadyedwa ndi nkhungu. Dera la Rochester limagwa chipale chofewa chambiri, choncho nyumba iyenera kutenthetsedwa miyezi yozizira ndi kuumitsidwa miyezi yachinyezi. Denga, magetsi, inshuwalansi, mashelefu, zonsezi ndi ndalama, ngakhale ogwira ntchitoyo asalandire kanthu.

Ndalamazo zimachokera ku zopereka za umembala, za pakhomo, mphatso za anthu, ndi msonkhano wa chaka ndi chaka komwe kumakhala msika ndi okushoni ya zida zakale. Paja mutu umodzi susenza denga, ndipo kunoku dengalo ndi lenileni, loti likadontha pansi pake pali zinthu zomwe zina zinatsala zowerengeka padziko lonse.

Chomwe chikukankha nkhani yokuza malo ndi imfa. Ham akamwalira, anzake amamutcha silent key, kutanthauza kuti kabatani kake ka Morse kakhala chete. Ambiri mwa anthu omwe anatolera zida zimenezi ndi okalamba. Akapita, ana awo amapeza chipinda chodzaza ndi mabokosi olemera, mavalavu ndi mawaya, zomwe sakuzidziwa n'komwe. Nyumba ikufunika kugulitsidwa. Ngati myuziyamu ilibe malo, katunduyo amathera kudzala, kapena amamwazikana m'manja mwa ogula osiyanasiyana, mbiri yake n'kutayika. Wailesi ya fakitale mwina ina ipezeka kwina. Koma zida zambiri za ma amateur zinali zopanga okha pa thebulo la kukhitchini, chimodzi chokha padziko lonse, ndipo chikatayika chapita.

Palinso china chomwe sichikwana pa shelefu: luso. Munthu wodziwa kutchera transmitter ya valavu imodzi, kuyang'ana mtundu wa kuwala kwake n'kudziwa kuti yalemedwa, luso limenelo lili m'manja mwake. Kuti alisiyire wina pamafunika chipinda, mabenchi, zowotcherera ndi achinyamata okhala pambali pake. A AWA amachititsa maphunziro otere, ophunzitsa ana ndi akulu kupanga ndi kukonza zida. Kwa ine, pa zifukwa zonse zopemphera ndalama, ichi ndiye cholemera kwambiri.

Bwanji osangojambula zonse n'kuika pa YouTube?

Funso limeneli ndi labwino, ndipo musaope kulifunsa. Kujambula n'kotchipa, ndipo kanema angaonedwe ndi mwana wa ku Nsanje yemwe sadzapondako ku New York. AWA yomweyo imaika makanema ake pa intaneti. Komanso tinene zoona, si wailesi iliyonse yakale yomwe ili yofunika kusungidwa. Myuziyamu yomwe imalandira chilichonse imasanduka nyumba yosungira katundu, ndipo mlendo amatuluka mutu uli ziii osaphunzira kanthu. Ngati ndalama zikungomangira mashelefu ena oikapo mabokosi ofanana 40, ine sindingaikire kumbuyo.

Koma taganizirani foni yomwe ili m'thumba mwanu, kapena ya akunyumba ngati kusukulu kwanu saloleza. Muli mawailesi angapo: ya netiweki, ya Wi-Fi, ya Bluetooth, ndi yolandira GPS. Mutaitsegula simuona kanthu, tizibanthu takuda basi. Chiyambire kutulukira kwa transistor ku Bell Labs mu 1947, zida zakhala zikuchepa mpaka fizikisi yake yabisala. Mu wailesi ya m'ma 1920 zonse zili pabwalo. Mukapotokola chotcherera, mumaona timbale tachitsulo ta capacitor tikulowana ngati zala za manja awiri. Timbale tikalowana kwambiri capacitance imakwera, frequency yomwe dera la koyilo ndi capacitor limakonda n'kutsika. Zili ngati katungwe: ali ndi kayendedwe kake, ndipo mukamukankha pa nthawi yoyenera amakwera, mukakankha mwachisawawa sapita patali. Eriyo imatola masiteshoni onse nthawi imodzi, koma yokhayo yomwe ikukankha pa nthawi yoyenera ndi imene imakula. Imeneyo ndiyo resonance. Munthu amene wapotokola ndi dzanja lake n'kumva siteshoni ikutuluka m'phokoso sangaiwale tanthauzo lake.

Ndipo chida chogwira ntchito chimayankha mafunso omwe chithunzi sichingayankhe. Mu December 2021, pokumbukira kuti patha zaka 100, mamembala a AWA anayatsa transmitter yotengera ya 1BCG ija ku Connecticut kuti ma ham akutali ayese kuimva. Chaka chilichonse amachititsanso mpikisano wotchedwa dzina la Bruce Kelley, momwe olowa amagwiritsa ntchito ma transmitter a mapulani a mu 1929 kapena m'mbuyo mwake, a mawati ochepa ngati a kababu. Zida zimenezi frequency yake siikhazikika. Mphepo ikagwedeza eriyo panja, liwu la Morse limanjenjemera. Mukawerenga m'buku kuti ma oscillator oyambirira anali osakhazikika, ndi chiganizo choloweza. Mukalimva likunjenjemera, mumayamba kufunsa kuti chifukwa chiyani, ndipo funso limenelo ndi lomwe linachititsa akatswiri kuyamba kugwiritsa ntchito mwala wa quartz, womwe lero uli mu wotchi ndi mu foni.

Siteshoni yamoyo ngati W2AN imafunanso malo panja, ndipo apa masamu ndi omwe amalamula, osati komiti. Eriyo yosavuta kwambiri, yotchedwa dipole, imakhala yotalika pafupifupi theka la funde. Pa 100 MHz funde ndi mamita 3, theka lake mita imodzi ndi theka, kota yake masentimita 75. Kayezeni kandodo kokoka ka pa wailesi ya FM kunyumba, muona kuti sikali kutali ndi pamenepo. Pa 14 MHz, pomwe ma ham amakonda kulankhulirana ndi mayiko akutali masana, funde ndi mamita 21 ndi pang'ono, ndiye waya wake ndi wa mamita pafupifupi 10, woti n'kumangirira pakati pa mitengo iwiri ya mango. Koma kuti muyatse zida za nthawi ya Godley muyenera kutsikira cha pa 1.8 MHz, malo otsika kwambiri pa shortwave ndi MW omwe ma ham ambiri amagwiritsa ntchito lero. Tengani cholembera mugawe 300,000,000 ndi 1,800,000, kenaka mutenge theka la yankholo. Mukapeza, pitani pa bwalo la mpira la kusukulu kwanu mukayeze ndi mapazi kuchokera pa golo, muone pomwe waya ameneyo angathere.